Adokotala anga achoka, ndigwire mtengo wanji? Mafunso ndi mayankho kwa odwala a ku Tete

M'zipatala zambiri za kumudzi kuno ku Tete, amene timawaitana kuti "adokotala" amakhala técnico de medicina kapena namwino, ndipo kawirikawiri woona odwala pa chipatala chonse amakhala mmodzi kapena awiri. Munthu amene akumwa mankhwala a moyo wonse amafika pozolowerana naye ngati mbale wake. Tsiku lina mukupita ndi cartão (khadi ya chipatala) yanu, mukupeza pampando paja pakhala nkhope yachilendo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene odwala ndi owasamalira amafunsa zikatero.

N'chifukwa chiyani amangochoka osatsanzika? Kodi ndinawalakwira?

Simunawalakwire. Ogwira ntchito m'zipatala za boma amasamutsidwa ndi akuluakulu awo, ena amapita kukawonjezera maphunziro, ena amapuma pa ntchito, ena ali pa tchuthi cha uchembere. Palinso amene ankalipidwa ndi mabungwe othandiza boma, ndipo pamene thandizo lochokera ku America linadulidwa kumayambiriro kwa 2025, alangizi ndi ma activista (anthu oyendera odwala m'midzi) ambiri m'dziko muno anasiya ntchito mwadzidzidzi. Munthu amene amaona odwala makumimakumi pa tsiku sangathe kutsanzika aliyense, makamaka inu amene mumabwera kamodzi pa miyezi itatu.

Ndiye mbiri yonse ya matenda anga yapita nawo?

Zolembedwa zimatsala pa chipatala. Ngati muli pa TARV (chithandizo cha ma ARV, mankhwala a HIV), muli ndi nambala yanu yotchedwa NID yomwe ili pa cartão. Nambala imeneyi ndi imene amapezera Ficha Mestra yanu, momwe mumalembedwa zimene anakupezani nthawi iliyonse yomwe munabwera, komanso pepala la ku farmácia lotchedwa FILA, losonyeza tsiku lililonse lomwe munatenga mankhwala. A chifuwa chachikulu (TB) nawonso ali ndi kaundula wawo.

Chimene chimapita ndi munthu ndi zija sankalemba chifukwa ankangozidziwa: kuti mapiritsi akutiakuti anakutulutsani zidzolo thupi lonse, kuti amuna anu sakudziwa za matendawa, kuti nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza simutha kuwoloka ndiye ankakupatsiranitu mankhwala ochulukirapo. Vutoli limakula kwambiri kwa odwala BP, shuga ndi khunyu, chifukwa m'zipatala zing'onozing'ono mbiri yawo nthawi zambiri imakhala pa timapepala tolemberapo mankhwala (receita) tomwe wodwalayo amasunga yekha. Tikanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, basi zathera pomwepo.

N'chifukwa chake timalimbikitsa kuti mugule kope laling'ono la ana a sukulu, likhale lanulanu. Patsamba loyamba palembedwe dzina la matenda, chaka chimene anakupezani nawo, ndi NID ngati muli nayo. Kenako dzina la mankhwala alionse monga lalembedwera pa botolo, mphamvu yake (manambala aja otsatizana ndi mg), ndi kangati pa tsiku. Kenako mankhwala amene anakuvutanipo ndi chimene chinachitika. Pomaliza zotsatira za magazi ndi tsiku lake: carga viral (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi), CD4 (mlingo wa chitetezo cha m'thupi), shuga, BP. Ngati simutha kulemba, mwana wa sukulu amene mumamukhulupirira angathe kukopera zilembo za pa botolo. Jambulaninso masambawo ndi cartão pa foni, ndipo kopelo lisungidwe m'jumbo ya pulasitiki.

Ndamva mphekesera kuti achoka mwezi wamawa. Ndichite chiyani adakalipo?

Pitani ngakhale tsiku lanu lisanakwane, mutanyamula mabotolo onse amene mukumwa. Apempheni zinthu zinayi. Choyamba, akulembereni mwachidule m'kope lija matenda anu ndi mankhwala, asainire ndi kudinda chidindo. Chachiwiri, afunseni ngati pali zotsatira za magazi kapena makhololo zomwe zinatumizidwa koma sizinabwere, ndipo mudzazifunse kwa ndani. Apa ndi pamene zinthu zimatayikira kwambiri: magazi a carga viral amakayezedwa kutali, zotsatira zimafika amene anazitumiza atachoka, n'kungokhala mu faelo popanda woziyang'ana. Chachitatu, ngati anakulonjezani kalata yopitira ku chipatala chachikulu, monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete, ailembe musanatuluke m'chipindamo. Lonjezo la pakamwa wolowa m'malo salidziwa. Chachinayi, akusonyezeni munthu wina pa chipatalapo, kaya namwino, wa ku farmácia kapena mlangizi, amene angakudziweni pankhope.

Mankhwala anga atsala a masiku ochepa ndipo sindikufuna kuonana ndi watsopanoyo. Kudikira pang'ono kuli ndi vuto?

Kuli ndi vuto, ndipo kukula kwake kumadalira mankhwalawo.

A khunyu, monga fenobarbital ndi carbamazepina, ndi amene salekedwa m'pang'ono pomwe. Kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kotsatizana kosalekeza, ngakhale kwa munthu amene watha zaka osagwa. Kugwa kopitirira mphindi 5, kapena kugwanso asanatsitsimuke, n'kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo.

Wobaya insulina, makamaka mwana kapena wachinyamata amene moyo wake umadalira jakisoniyo, angadwale mwakayakaya m'tsiku limodzi kapena awiri: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupuma mozama ndi mwaphuma.

A chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6, iwiri yoyamba ya mitundu inayi ya mankhwala, inayi yotsatira ya mitundu iwiri. Chifuwa chimasiya msanga, munthu n'kudziona ngati wachira. Kudukiza ndi kumene kumabala TB yosamva mankhwala, yomwe chithandizo chake n'cholemetsa kuposa choyambacho.

Ma ARV mukasiya simumva kanthu poyamba, ndipo chinyengo chake chagona pomwepo. Kachilombo kamayamba kuchulukanso m'magazi pakangopita milungu yochepa, ndipo mungathe kupatsira mnzanu wogona naye kapena mwana woyamwa. Kwa amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatite B, mapiritsi a ma ARV otchedwa TLD ndi omwe amagoneka matendawo, ndipo kuwasiya kungawadzutse mwaukali.

A BP nawo ndi chimodzimodzi, mutu sungapweteke koma magazi akukwera mwakachetechete mpaka kufa ziwalo.

Ngati vuto ndi nkhope ya munthuyo, kumbukirani kuti masiku ambiri otenga ma ARV mumangopita ku farmácia osalowa m'chipinda cha consulta. Katengeni mankhwala, za kuzolowerana zibwera pambuyo. Lamulo labwino ndi kupita kudakali mapiritsi a mlungu umodzi, chifukwa mungakapeze mtundu wanu watha ndipo mufunika masiku oti mukaufune kwina.

Ndine amene ndikusamuka, ndikupita ku fodya ku Macanga kapena kukafuna ntchito ku Moatize. Ndichite bwanji?

Pemphani guia de transferência ku chipatala chanu musananyamuke. Ndi kalata yonena kuti munayamba liti mankhwala, mukumwa ati, carga viral yomaliza inali bwanji, ndipo munatenga komaliza tsiku liti. Pemphaninso mankhwala okwanira kukufikitsani. Amene akuyenda bwino pa TARV amatha kupatsidwa a miyezi itatu, ndipo m'zipatala zina a miyezi 6. Mukafika, kaonekereni ku chipatala chatsopano m'masiku oyambirira omwewo, mabotolo adakali olemera. Ngati mukungopita nyengo imodzi n'kubwerera, nenani choncho, chifukwa mwina sipafunika kukusamutsani, kungokupatsani mankhwala ochulukirapo n'kokwanira.

Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachita, ndipo tikukuletsani, ndi kufika kumalo kwatsopano n'kukayezetsa magazi ngati munthu amene sanayezetsepo, pofuna kupewa mafunso. Zikuoneka zophweka koma zimawononga zambiri. Watsopanoyo sadziwa kuti munamwapo mankhwala ena amene analephera, ndiye angakubwezereni omwewo. Chipatala chakale chimakulembani kuti ndinu abandono (wosiya mankhwala) n'kutumiza anthu kwanu kukakufufuzani, ndipo chinsinsi chija munkabisa chingaululikire pamenepo. Choopsa koposa, munthu amene wamwa ma ARV nthawi yaitali nthawi zina kachipangizo koyezera mwachangu kamatha kusonyeza ngati alibe kachilombo. Munthu n'kusangalala kuti wachira, n'kutaya mankhwala, chonsecho kachilombo kali chikhalire.

Ngati munachoka kale opanda kalata, tengani cartão kapena botolo lopanda kanthu, nenani dzina la chipatala chakale. A zipatala ziwirizo angathe kulumikizana okha pa foni.

Kwathu ndi kumalire. Adokotala athu atachoka ndinayamba kupita ku Malawi. Ndi zolakwika?

Anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè akhala akuwoloka kupita ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza kuyambira kalekale, ena chifukwa kumeneko n'kufupi, ena chifukwa amamvana chilankhulo. Chimene chimavuta si kuwolokako koma kudya uku ndi uku. Sankhani chipatala chimodzi chimene chizisunga mbiri yanu.

Mayina amasokoneza anthu. Mapiritsi amene kuno timati TLD, ku Malawi amawatcha 13A, ndipo ndi amodzi omwewo: tenofovir, lamivudina ndi dolutegravir m'piritsi limodzi. Musamwe onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Ku Malawi amalemba m'kabuku ka chipatala m'Chingerezi, kuno amalemba m'Chipwitikizi, koma mayina a mankhwala amafanana kwambiri moti aliyense wa zachipatala angawazindikire. Choncho kabuku ka ku Malawi musakabise mukabwera kuno, ndipo cartão ya kuno muzikaisonyeza kumeneko. Ganiziraninso za tsiku limene mudzadwale usiku, kapena malire atavuta kuwoloka. Chipatala chimene chidzakulandireni tsiku limenelo ndi chapafupi, ndiye chisamakhale chosakudziwani.

Zinanditengera zaka kuti ndiwaululire akale aja za moyo wanga. Ndiyambirenso kufotokozera mlendo?

Simukakamizidwa kukhuthula zonse tsiku loyamba. Pali zimene ayenera kudziwa lero lomwe kuti asakuvulazeni: mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo azitsamba, amene anakuvutanipo, ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, ndiponso ngati mwakhala mukudumphitsa. Zina, monga za m'banja, zingadikire mpaka mtima utakhazikika. Ngati pakamwa pakulemera, ingoperekani kope lija kuti awerenge okha.

Kusunga chinsinsi ndi udindo wa aliyense wogwira ntchito m'chipatala, ndipo zili m'chikalata cha ufulu ndi udindo wa odwala chimene unduna wa zaumoyo, MISAU, unatulutsa. Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe ndiponso kuti anthu osafunikira atuluke. Nenaninso momveka ngati simukufuna kuti aziimba foni yanu kapena kutumiza activista kunyumba, ndipo pemphani kuti zimenezo zilembedwe mu faelo.

Pali vuto lina limene silikambidwa mokwanira. Wobwerayo angakhale wochokera ku Maputo, Beira kapena Nampula, wosamva Chinyanja, ndipo inu Chipwitikizi n'chapatalipatali. Womasulira amakhala aliyense amene ali pafupi, mwina wantchito wa pachipatala yemwe ndi mnansi wanu. Mungathe kumukana mwaulemu n'kubwera ndi munthu wanu. Koma mwana wamng'ono asakhale womasulira nkhani za akuluakulu. Musanatuluke, bwerezani m'mawu anuanu zimene mwauzidwa: "Ndiye kuti limodzi m'mawa, limodzi madzulo, ndibwerenso pa 14?" Zolakwika zambiri zimagwidwira pamenepo.

Watsopanoyu wandisinthira mankhwala. Ndiye kuti wakale ankandinamiza, kapena uyu ndi wosadziwa ntchito?

Yambani mwaona ngati asinthadi. Botolo ndi mtundu wa piritsi zimasintha malinga ndi fakitale imene boma lagulako, pamene mankhwala ali omwewo. Yerekezani mayina ndi manambala a pa botolo lakale ndi latsopano, kapena funsani wa ku farmácia.

Ngati asinthadi, funsani chifukwa, ndipo kawirikawiri chimakhalapo. Munthu wa TLD akayamba mankhwala a TB amawonjezeredwa kapiritsi ka dolutegravir ka 50 mg, kakumwa patapita maola 12, chifukwa rifampicina, yomwe ili m'mankhwala a TB, imachepetsa mphamvu yake m'thupi. Mayi wa BP akatenga pakati amachotsedwa pa enalapril, yemwe amavulaza mwana m'mimba, n'kupatsidwa ena monga metildopa. Wa shuga amene ali pa TLD angachepetsedwe metformina. Mankhwala ena a khunyu amalimbana ndi ma ARV. Carga viral ikapitirira 1000, amayamba akulangizani za kamwedwe kwa miyezi ingapo, n'kuyezanso, ndipo ikakhalabe yokwera ndi pamene amaganiza zosintha. Maso atsopano nthawi zina amaona chimene wozolowera anasiya kuchiona.

Chosayenera ndi kulandira atsopanowo mwaulemu, kufika kunyumba n'kupitiriza akale amene munasunga, kapena kumwa onse pamodzi. Awiri a BP a ntchito imodzi angakugwetseni ndi chizungulire. Ngati atsopano akukuvutani, bwererani nawo. Zidzolo za thupi lonse, zilonda m'kamwa, maso achikasu kapena kutupa nkhope ndi milomo sizidikira tsiku lolembedwa pa cartão.

Ndikumva chisoni ngati ndaferedwa. Anzanga akundiseka kuti anali adokotala chabe.

Asiyeni aseke. Munthu amene anakuuzani zotsatira tsiku lija miyendo inazizira, amene anakuonani mutaonda mpaka kunenepanso, si munthu wamba pa moyo wanu. Ena amamva mkwiyo, ngati atayidwa. Ena amachita mantha kuti matenda abwerera. Zimenezi zimachepa pakapita milungu, makamaka mukaonana ndi watsopanoyo kawiri kapena katatu. Musamuweruze pa tsiku loyamba, pamene iye akuphunzira kumene mafaelo a anthu mazanamazana ndi mzere uli panja.

Koma ngati papita milungu iwiri kapena kuposa tulo osabwera, chakudya osachifuna, ntchito ya kumunda kapena ya pakhomo osaigwira, kapena mukuganiza kuti bola kungofa, amenewo ndi matenda a maganizo ofunika chithandizo. Nenani ku chipatala. M'zipatala za m'maboma mumapezeka técnico de psiquiatria kapena psicólogo, ndipo angakutumizeni kumeneko. Za maganizo ofuna kudzipha, uzani munthu lero lomwe.

Nambala yawo ndili nayo. Ndingamawaimbirebe, kapena kuwatsatira kumene apita?

Kuwapatsa moni ndi kuwathokoza palibe choletsa. Kuwasandutsa adokotala a pa WhatsApp ndiye ayi. Sakukuonani, faelo yanu alibe, BP sangakuyezeni pa foni, ndipo malangizo awo akasemphana ndi a pa chipatala chanu wovutika ndinu. Akasiya kuyankha musawaone ngati odzikuza, ali ndi odwala ena kumene aliko.

Kuwatsatira kumatheka ngati asamukira pafupi. Koma werengerani ndalama ya chapa (minibasi) kupita ndi kubwera, muchulukitse ndi maulendo a chaka chonse, muganizirenso mwezi wa February misewu itaterera ndi ndalama ya mbewu isanalowe. Ndiponso mawa angasamutsidwenso.

Ine ndi adokotala athu sitinasiyane bwino. Anandilalatira pagulu, ndipo sindikufunanso kumuona.

Mungapemphe kuonedwa ndi wina ngati alipo, kapena kusamukira ku chipatala china ndi guia de transferência, ndipo simufunika kupereka chifukwa chachitali. Kukangana si chifukwa chokumanirani mankhwala. Ma ARV ndi mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo wokupemphani ndalama kuti akupatseni kapena kuti akulembereni kalata akulakwira lamulo.

Dandaulo limayambira kwa mkulu wa chipatalacho, kapena ku Gabinete do Utente (ofesi yomvera madandaulo a odwala) kumene ilipo, kapena kwa a comité de co-gestão, omwe ndi anthu a m'mudzi okhala pansi ndi a chipatala. Zikakanika pamenepo, pitani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, SDSMAS. Nenani tsiku, nthawi, chipinda, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo. Dandaulo lakuti "amatinyoza nthawi zonse" silipita patali ngati lakuti "Lachiwiri lapitali m'mawa anatchula matenda anga anthu akumva pa benchi."

Kumene woona odwala ndi mmodzi yekha ndipo chipatala china chili kutali, pitani ndi mbale kapena mnzanu. Anthu amasamala malankhulidwe pakakhala mboni.

Nanga amayi oyembekezera ndi ana, namwino wa kusikelo akasintha?

Kabuku ka mayi ndi cartão ya mwana ndi zimene zimalankhula. Muuzeni watsopanoyo ngati munachitidwapo opaleshoni pobereka, munatayapo magazi ambiri, BP inakwerapo muli ndi pakati, kapena munapitapo padera, ngakhale asanafunse. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amaonedwa ku CCR (sikelo ya ana amene ali pachiopsezo), amamwa mankhwala amadzi omuteteza, ndipo amayezedwa PCR (magazi oona ngati ali ndi HIV) ali ndi mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Zotsatira za PCR muzifunse ndithu mpaka mutazimva, musaganize kuti kukhala chete ndiye kuti zili bwino. A kulera lembani tsiku: jakisoni wa Depo ndi wa miyezi itatu, ndipo njira yoika pansi pa khungu la pamkono ilipo ya zaka 3 ndi ina ya zaka 5, choncho dziwani imene anakuikani ndi chaka chake.

Pali njira yoti ndisamadalire munthu mmodzi chonchi?

Ilipo, ndipo inayambira kuno komwe. Mu 2008 odwala a m'chigawo cha Tete, mogwirizana ndi a zaumoyo ndi bungwe la Médicos Sem Fronteiras, anayamba magulu amene lero amatchedwa GAAC. Anthu osapitirira 6 okhala moyandikana, amene akuyenda bwino pa mankhwala, amasinthana kupita ku chipatala kukatengera gulu lonse, ndipo amawerengerana mapiritsi. Njirayi inafalikira m'dziko lonse ndi m'maiko ena. Gulu lotere silisamutsidwa. Namwino akasintha, mmodzi amakamuona n'kudzauza anzake kuti ndi munthu wotani ndipo amafuna chiyani. Kuipa kwake n'kwakuti anzanuwo adziwa za matenda anu, ndiye si aliyense angalowe. Amene simukufuna gulu, khalani ndi munthu mmodzi pakhomo wodziwa kumene kuli kope ndi mabotolo, ndipo dziwanani ndi APE (wothandiza za umoyo) wa m'mudzi mwanu.

Ndinasiya kupita adokotala aja atangochoka, tsopano patha miyezi. Ndikuopa kukalipidwa.

Mwina mawu awiri atatu owawa muwamva, sitingakulonjezeni kuti ayi. Koma obwerera amalandiridwa, ndipo simuli oyamba. Tengani cartão ndi mabotolo, ngakhale opanda kanthu. Cartão ikatayika, dzina lanu lonse, mudzi ndi chaka chimene munayamba zimakwanira kupezera faelo.

Nenani zoona za nthawi imene mwakhala osamwa, chifukwa zochita zawo zimadalira pamenepo. Wa TARV amafunsidwa za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, ndipo angayezedwe CD4 kuti aone ngati chitetezo chatsika kwambiri. Ngati mutu ukupweteka kosalekeza, khosi lauma kapena mukusokonezeka, nenani musanayambirenso mapiritsi, chifukwa pali matenda a muubongo amene amayenera kuchizidwa kaye. Wa TB amene wadukiza nthawi yaitali amayezedwanso makhololo asanapatsidwe mankhwala. Wa khunyu ndi wa BP musayambe nokha ndi mlingo wakale wa mapiritsi otsala m'thumba, chifukwa ena amafuna kuyamba pang'ono n'kumakweza, ndipo mapiritsi amene akhala m'nyumba ya malata kutentha kwa October angakhale ataonongeka. Pitani m'mamawa, pakati pa mlungu, ndipo ngati miyendo ikulemera uzani activista kapena mnzanu wa m'gulu akuperekezeni mpaka pakhomo la chipindacho.